Ndudu zitatu zake, saka la munthu wothawa: mlandu wa wakabaza ku Kasungu

Lipotili ndalembera anzanga amene timayendera zitokosi ndi makhoti a majisitireti, makamaka inu amene mwangoyamba kumene ntchito ya uparalegal, yothandiza anthu pa nkhani za malamulo popanda kukhala loya. Ndi nkhani ya mnyamata wa zaka 24, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto m'boma la Kasungu, amene anamangidwa chifukwa cha chamba. Maina a anthu, polisi imene anasungidwa ndi khoti limene linazenga mlanduwu sinditchula. Ndinene poyambirira kuti mnyamatayu ankasutadi chamba, ndipo sanabisire aliyense. Chinavuta n'chakuti kusuta kwakeko kunatsala pang'ono kumusenzetsa mlandu wa munthu wina.

Kumangidwa

Anakulira pa esiteti ya fodya kumene makolo ake anali matenanti, ndipo sukulu analekera sitandade 4. Dzina lake amalemba, koma tsamba lathunthu lolembedwa pamanja sangaliwerenge. Njinga inali ya bwana wina wa m'tauni amene ankalandira ndalama yake madzulo aliwonse. Kunyumba kunali mkazi ndi mwana woyamwa.

Lachinayi lina chakumadzulo, pa siteji yawo m'mbali mwa msewu wochokera ku Nkhotakota, panatsika bambo wina m'galimoto ya matola ali ndi saka losokedwa kukamwa. Anati ndi usipa, akukaupereka kwa kasitomala m'tauni. Anagwirizana mtengo, saka analimanga kumbuyo ndi mphira, ulendo unayambika. Atatsala pang'ono kufika anapeza apolisi atatchinga msewu. Atamuimika anaima. Wokwera uja anatsika ngati akukataya madzi, analowa m'munda wa chimanga, sanaonekenso. Apolisi atang'amba saka anapeza usipa pamwamba pokha, pansi ponse pali chamba chokulungidwa m'mapulasitiki, chimene pambuyo pake chinalemera makilogalamu 14. Atamusecha mnyamatayo anamupeza ndi ndudu zitatu zopichira kale m'thumba la buluku.

Zimene achibale anabwera nazo

Nkhani inandipeza Lolemba m'mawa. Anabwera amalume ake, amene ndi mwinimbumba, pamodzi ndi mkazi wake. Amalumewo anayamba ndi funso limene tonse talimvapo zaka zino: "Amayi, si paja boma linaloleza chamba? Tinamva pa wailesi. Nanga mwanayu akumusungiranji?"

Funsoli musamaliyankhe mothamanga, chifukwa anthu sakulakwa kusokonezeka. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomerezadi Cannabis Regulation Act, lamulo lolola kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba cha mankhwala, cha m'mafakitale ndi cha kafukufuku, kwa okhawo amene ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Mu March 2024 aphungu anavomerezanso zosintha zina zokhudza ulimi wa chamba chathu cha konkuno. Koma kusuta sikunaloledwe. Wopezeka nacho popanda chilolezo kawirikawiri amazengedwabe pansi pa Dangerous Drugs Act, ndime 4(a) ya malamulo ake ang'onoang'ono powerenga pamodzi ndi gawo 19(1), ndipo chilango chachikulu chimene lamulolo limalola chimafika pa ukaidi wa moyo wonse. Makhoti amayang'ana kuchuluka kwa chambacho ndiponso ngati chinali chosuta mwini kapena chogulitsa. N'chifukwa chake kusiyana kwa ndudu zitatu ndi makilogalamu 14 kunali nkhani yonse.

Chachiwiri chimene anabwera nacho ndi ndalama. Anali atagulitsa mbuzi ziwiri, chifukwa munthu wina amene amakhala pansi pa mtengo kunja kwa polisi, yemwe si wapolisi n'komwe, anawauza kuti akapeza K150,000 "ya belo" mnyamatayo agona kunyumba. Anali atamupatsa kale K20,000 yoti "ayambire kulankhula ndi mabwana". Ndinawauza kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Ya kukhoti ikhoza kukhala ndi ndalama ya chikole, koma imalipiridwa ku ofesi ya khoti, pamatuluka risiti ya boma, ndipo munthu akasunga malamulo a belo yake ndalamayo amakaitenganso mlandu ukatha. Ndinawachenjezanso kuti wopereka chiphuphu naye amapalamula mlandu pansi pa Corrupt Practices Act. K20,000 ija inapita. Yotsalayo ndinawapempha kuti aisunge, chifukwa ndinkadziwa kuti idzafunika pa mayendedwe a mboni.

M'chitokosi

Nditadziwonetsa kwa mkulu wa polisiyo, anandilola kucheza naye pakhonde, wapolisi ataima chapatali poti amatiwona koma osamva. Ndimapempha zimenezi nthawi zonse, chifukwa munthu sanganene kuti anamenyedwa womumenyayo ali pambali pake.

Mawu ake oyamba anali akuti: "Amayi, nduduzo n'zanga, ndimasuta ine. Koma sakalo sindikulidziwa." Mawu amenewa sanasinthe kuyambira tsikulo mpaka tsiku la chigamulo.

Ndinamufunsa mwadongosolo zimene gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalonjeza munthu aliyense womangidwa. Chifukwa chomumangira anamuuza, m'Chichewa, pompo pamsewu. Zoti ali ndi ufulu wokhala chete, ndi kuti chimene anganene chikhoza kukagwira ntchito m'khoti, sanamuuze. Zoti akhoza kuonana ndi loya sanazimve. Mkazi wake ankangosiya chakudya pa kauntala, anamuona Lamulungu. Sitetimenti anamutenga Lachisanu usiku. Anandiuza kuti anamuwomba makofi angapo, kenako anaika ndudu zitatu zija patebulo n'kumufunsa ngati chambacho chinali chake. Iye anavomera. Wofufuzayo analemba, sanamuwerengere, anangomulozera posaina.

Nditamufunsa chifukwa chake anasaina chinthu chimene sanachimve, anati: "Nanga ndikanakana bwanji poti anandipeza nacho? Munthu wosuta alinso ndi chonena?" Maganizo amenewa ndi amene amawononga milandu yambiri ya chamba. Wosuta amalowa m'chitokosi atadziweruza kale, akudziona ngati munthu amene ufulu wake unathera pamsewu. Komatu gawo 42 silisankha kuti uyu ndi wolakwa, uyu ndi wosalakwa. Limanena za munthu aliyense womangidwa, ndipo gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko omwewo limaletsa kuzunza munthu aliyense popanda kupatulapo.

Maola 48 amene gawo 42 limapereka kuti womangidwa akhale ataonekera ku khoti ndinawawerenga pamaso pake. Anamangidwa Lachinayi madzulo, choncho nthawi inatha Loweruka madzulo, khoti litatseka. Zikatero lamulo limati munthu akaonekere ku khoti tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito, ndiye kuti Lolemba lomwelo limene ine ndinali pakhondepo. Ndinalemba kalata yaifupi kwa mkulu wa polisi yokumbutsa zimenezi ndi kupempha kuti amupatse belo kapena apite naye ku khoti, n'kusunga kope yake. Belo anakana chifukwa cha kuchuluka kwa chamba cha m'saka, ndipo ku khoti anapita naye Lachitatu. Amalume ankaganiza kuti kuchedwaku kuthetsa mlandu. Sikuthetsa. Kumathandiza popempha belo, kumalembedwa m'fayilo ya khoti, ndipo munthu akhoza kukadandaula nako padera, koma mlandu umazengedwabe. Ndi bwino achibale amve zimenezi kwa ife msanga, asanamange chiyembekezo pa chinthu chimene sichingawatulutsire munthu wawo.

Ankafunanso kuti tilimbane ndi nkhani yakuti apolisi anasecha popanda chikalata cha khoti. Loya amene anadzatenga mlanduwu anagwirizana nane kuti tisatayirepo mphamvu. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza munthu kuti asasechedwe mwachisawawa, ndipo ife a ku Kasungu tili ndi chigamulo chochokera kwathu konkuno: anthu amene anasesedwa ndi apolisi usiku wina mu 2018 anakasuma, ndipo mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti kumanga anthu mwachisawawa kotero, popanda kuwauza chimene alakwa, n'kosemphana ndi malamulo. Koma pano zinali zina. Wokwera atathawa n'kusiya katundu, wapolisi aliyense anali ndi chifukwa chomveka chokayikira sakalo, ndipo zikatero lamulo limamulola kusecha. Komanso kuthawa kwa munthu uja ndi kumene tinkafuna kuti apolisi akakunene okha m'khoti. Sikukanakhala kwanzeru kuyamba ndi kuwaputa pa chinthu chimene anachita bwino.

Usiku wa Lachiwiri

Apa ndi pamene mlanduwu unakhotera. Anzake a m'chitokosi anali atamuphunzitsa kale: ukavomera suchedwa, amakulipiritsa chindapusa, mawa lake uli pa njinga, ukakana ukavunda pa rimandi. Malangizo amenewa si abodza kotheratu, n'chifukwa chake amagwira anthu. Wopezeka ndi ndudu imodzi koyamba akavomera, nthawi zambiri zimatha mwachangu ndithu. Koma nditapempha woimira boma pa milandu kuti ndione chikalata cha mlandu, ndinapeza kuti analemba mlandu umodzi wokha, wopezeka ndi chamba, ndipo kulemera kwake anaphatikiza saka ndi ndudu zija. Akanangoti "ndikuvomera" Lachitatu m'mawa, akanavomera makilogalamu 14, ndipo khoti likanamuona ngati wonyamula chamba chogulitsa. Pamenepo nkhani ya chindapusa sikanakhalapo. Zikanakhala zaka.

Ine si loya, sindiyankhulira munthu m'khoti, ndipo si ntchito yanga kuuza munthu kuti avomere kapena akane. Chimene ndinachita ndi kumuwerengera chikalatacho pang'onopang'ono, kumufotokozera kuti mawu amenewo akutanthauza chamba chonse, n'kumufunsa ngati zimenezo ndi zimene iye akuvomera. Anati ayi. Ndinamufotokozera gawo 251 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni: khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, liyenera kutsimikiza kuti akumvetsa mlanduwo ndi zotsatira za kuvomerako, ndiponso kuti akuvomera popanda kupatulapo kanthu. Ndinamuuza kuti akafunsidwa akangonena zoona zake zonse monga anandiuzira ine, mokweza, osadula. Ndinamuuzanso kuti ngati akufuna, akhoza kuwauza a majisitireti za makofi aja ndi za tsiku limene anamangidwa. Tsiku lomwelo ndinalumikizana ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Lachitatu anaima n'kunena kuti: "Bwana, ndudu zitatu n'zanga. Saka linali la pasenjala amene anathawa." A majisitireti analemba kuti wakana mlandu. Za makofi anazinenanso, mawu akunjenjemera, ndipo zinalembedwa. Kutupa kunali kutaphwa kale moti chipatala sichikanaonapo kanthu. Pa milandu yotere ndimapempha kuti munthu aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo limene ndamva za kumenyedwa, chifukwa zizindikiro za makofi sizidikira.

Belo ya kukhoti inatuluka patapita sabata ndi masiku, loya atakumbutsa khoti kuti malamulo amati munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwacho. Woimira boma anati akhoza kuthawa. Loya anayankha kuti munthuyu anali pa njinga yoyaka injini pamene apolisi ankamuimika, koma anaima. Amalume ndi mkulu wina wa mpingo anaima ngati mboni za belo atanyamula zitupa zawo za unzika, nyakwawa inalemba kalata yotsimikiza kumene amakhala, ndipo analamulidwa kumakaonekera ku polisi kawiri pa mwezi. Akanakanidwa belo tikanayamba kuwerenga masiku 30 amene lamulo limaika ngati malire osungira munthu podikira kuti mlandu wa kukhoti la majisitireti uyambe, amene khoti likhoza kuwonjezerapo ngati boma lapempha.

Sitetimenti ija

Mapepala a umboni atabwera tinaiona. Inali ndi mizere yochepa, ndipo pakati pake panali mawu akuti akuvomera kuti chamba chimene anamupeza nacho ndi chake. Za saka, za ndudu, za wokwera wothawa, munalibe.

Anzanga ambiri amaganiza kuti sitetimenti yotengedwa ndi makofi khoti limangoitaya. Kwathu kuno sizili choncho. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu ilandiridwe ngati umboni ngakhale mwiniwake akunena kuti sanaipereke mwaufulu. Chimene khoti limachita pambuyo pake ndi kuyeza: liyenera kukhutira popanda chikayiko kuti munthuyo ananenadi mawuwo ndiponso kuti zimene zalembedwazo n'zoona, apo ayi silingaiwerengere. Ine ndimaona kuti gawo limeneli limafooketsa lonjezo la gawo 42 lakuti munthu asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo ndikanakonda litakonzedwa. Koma pamene lilipo, ntchito yathu ndi kupeza umboni wina wakunja umene ukuonetsa kuti zolembedwazo sizikugwirizana ndi zimene zinachitika. N'chifukwa chakenso pophunzitsa achinyamata m'masiteji ndimalimbikira mfundo imodzi kuposa zonse: perekani dzina lanu ndi kumene mumakhala, musalimbane ndi wapolisi, koma musasaine pepala limene sanakuwerengereni, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti mukalankhula ku khoti.

Umboni wakunjawo unapezeka m'malo atatu. Pa siteji, tcheyamani wa akabaza ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaona bambo uja akutsika matola ndi saka losoka kale, ndipo anamumva akunena za usipa. Mayiwo anakana kawiri konse kukaima m'khoti. Anati: "Amayi, ine za apolisi ayi, ndili ndi ana." Anavomera titawafotokozera kuti mboni siizengedwa mlandu, ndipo tcheyamani atalonjeza kuti apita nawo limodzi. Ndalama ya mbuzi ija inagwira ntchito pamenepa, pa thiransipoti yokha basi. Mboni sitiilipira, ndipo ndinawauza achibale kuti asawapatse mayiwo ngakhale sopo mlandu usanathe.

Chachiwiri linali buku la kupolisi lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Loya atapempha kuti libwere, munapezeka kuti amene analandira nkhaniyi Lachinayi usiku analemba zinthu ziwiri padera, saka ndi ndudu zitatu, ndipo analembanso kuti wokayikiridwa wina anathawa. Chachitatu linali lipoti la akatswiri a ku Chitedze, kumene apolisi a m'chigawo chapakati amatumiza zitsanzo kuti zikatsimikizidwe ngati zilidi chamba. Nalonso linatchula zitsanzo ziwiri zosiyana. Lipoti lotereli muziliwerenga mzere ndi mzere, musamangoona mawu akuti ndi chamba n'kulitseka.

Fungo

Woimira boma anali ndi mfundo yamphamvu, ndipo anaigwiritsa bwino ntchito. Anati munthu wosuta amadziwa fungo la chamba kuposa wina aliyense, ndiye sakananyamula makilogalamu 14 kumbuyo kwake mtunda wonsewo osadziwa. Apa kusuta kwake, kumene iye anavomera moona mtima, kunasanduka mkondo womulasa yekha.

Pa mlandu wopezeka ndi chinthu choletsedwa, boma liyenera kuonetsa kuti munthuyo ankadziwa kuti chinthucho chilipo ndiponso kuti chinali m'manja mwake kapena mu ulamuliro wake. Kukhala pafupi nacho sikukwanira. Loya anafunsa wapolisi amene anagwira sakalo mafunso ochepa chabe. Kodi inu munamva fungo la chamba musanang'ambe saka? Anati ayi, linkanunkha usipa. Chinakupangitsani kuling'amba n'chiyani? Anati kuthawa kwa wokwera. Chambacho chinali chokulungidwa motani? Anati m'mapulasitiki angapo omata ndi tepi. Woyendetsa njinga anayesa kuthawa? Anati ayi. Wapolisi ameneyu anayankha zoona zokhazokha ngakhale zinkafooketsa mlandu wa mbali yake, ndipo ndimamulemekeza nazo. Wofufuza amene analemba sitetimenti anakana za makofi, koma atafunsidwa chifukwa chake sitetimentiyo sikutchula munthu wothawa amene buku lawo lomwe likumutchula, analibe yankho lomveka.

Chigamulo ndi zotsatira

Khoti linapeza kuti boma lalephera kutsimikiza kuti ankadziwa zimene zinali m'saka, ndipo silinawerengere sitetimenti ija pa nkhani ya sakalo. Linamupeza wolakwa pa ndudu zitatu zokha, zimene iye ankavomera kuyambira tsiku loyamba. Popempha kuti chilango chichepe, loya anatchula gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, limene limati munthu wopalamula koyamba asatumizidwe ku ndende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera, anatchulanso masiku amene anakhala m'chitokosi kupitirira nthawi yololedwa. Anapatsidwa chilango chogwira ntchito yothandiza anthu pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi kwawo, ndipo anaimaliza. Chamba chonse khoti linalamula kuti chiwotchedwe.

Za makofi aja ndinamufotokozera kuti akhoza kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe limene Police Act ya 2010 inakhazikitsa kuti lizifufuza madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo ndinali wokonzeka kumuthandiza kulemba. Iye ndi amalume ake anakana. Anati msewu umene amadyerapo ndi womwewo, apolisi ake ndi omwewo. Ndinawauza kuti ine ndikanakonda adandaule, chifukwa nkhani zotere zikapanda kulembedwa zimaoneka ngati sizichitika, koma mwini nkhani ndi iye, ndipo sindinamukakamize.

Njinga inakhala ku polisi ngati umboni mpaka mlandu utatha. Mwini wake anaitenga ataonetsa mapepala ake, n'kuipereka kwa mnyamata wina. Miyezi imene inaima anaiwerengera ngati ngongole ya mnyamata wathuyu, ndipo nkhani imeneyo inakathera kwa nyakwawa, kumene anagwirizana kuti theka likhululukidwe. Wokwera wothawa uja sanagwidwe.

Za kusuta ndinalankhula naye mlandu utatha, osati uli mkati, kuopa kuti angaganize kuti thandizo langa likudalira kuti asiye. Ndinamuuza kuti tsopano ali ndi mbiri ya mlandu, ndipo akadzapezekanso nacho gawo 340 silidzamutetezanso. Ndinamuuzanso za uphungu umene a St John of God amapereka ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kwa anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Anati aganizira. Panopa akupalasa kabaza wa njinga yakapalasa imene amalume ake anamugulira. Pa siteji yawo yakale, tcheyamani anaika lamulo lakuti katundu wosokedwa kapena wokhomedwa azitsegulidwa pamaso pa anthu awiri asanamangidwe pa njinga, ndipo wokana kutsegula asanyamulidwe.